Kodi Abale Ali Kuwerenga Chiani M'mahositelo Muno?

Miyezi yapitayi, poyendayenda m'mahositelo a kuno ku Joni kukachita mapemphero a madzulo, takhala tiri kufunsa funso limodzi kwa onse amene tawapeza: kodi muli kuwerenga chiani? Tinayesa kuti ambiri adzayankha kuti nthawi palibe, pakuti munthu anyamuka m'banda kucha, nabwera dzuwa litalowa, thupi lonse liri kuwawa. Koma tinapeza kuti owerenga alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo akhala maso kufikira pakati pa usiku, anzao atayamba kale mkonono. Tsono tifuna kunena poyera zimene tinaona m'manja mwao, ndi kuziyesa monga mai ayesa ufa asanautsire mu mphika.

Choyamba chimene tinaona ndicho foni. Pafupifupi munthu ali yense awerenga mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook: za maliro a kumudzi, za mtengo wa feteleza, za mpira, ndi mphekesera zosawerengeka. Sitinyoza chinthu chimenechi iai. Makolo athu anali kudikira kalata masabata ambiri, ndipo ena anasanduka machona chifukwa mau a kwao analeka kuwafika. Koma kuwerenga kotere kufanana ndi kutafuna chimanga chokazinga: nsagwada zilema, koma mimba iri yanjala. Munthu atha maora awiri chala chiri kukwera ndi kutsika, ndipo ukamfunsa m'mawa chimene anaphunzira, asowa chonena.

Chachiwiri ndi timabuku ta maloto ndi maulosi, tolonjeza kuti amene apereka ndalama zakuti adzalandira chitupa chokhalira m'dziko lino, kapena nchito ya malipiro abwino, mwezi usanathe. Pa timabuku timeneti sitichulukitsa mau. Mbale akasauka mtima agwira chiri chonse, monga munthu womira agwira udzu. Koma dzifunseni nokha: ndalama munaperekazo, analemera nazo ndani?

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chitiyenera kuchilingalira bwino, ndi mabuku a Chingerezi ophunzitsa kulemera, amene agulitsidwa pansi m'mbali mwa miseu ya mu mzinda. Abale amene akonda kuwerenga koposa anzao ndiwo abwerekana mabuku amenewa, ndipo tikawafunsa kuti atiuze buku labwino, atchula awiri kawirikawiri: Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki, lotuluka mu 1997, ndi Think and Grow Rich la Napoleon Hill, lotuluka mu 1937. Ifenso tawawerenga, kuti tisaweruze mlandu tisanaumve.

M'buku la Kiyosaki muli phunziro limodzi lokoma, lakuti munthu azisiyanitsa chinthu chimene chimbweretsera ndalama ndi chinthu chimene chimdyera ndalama. Mbale amene amva ichi adzagula mbuzi kumudzi asanagule nsapato zachitatu. Pamenepo tibvomereza. Koma bukuli linalembedwera munthu wa ku America, amene ali ndi zitupa zonse, amene banki imkongoza ndalama zogulira nyumba. Silidziwa kanthu za munthu amene malipiro ache agawika asanafike m'thumba: ina ya chakudya, ina ya fizi ya ana, ina ya feteleza, ina ya mlongo wodwala. Kwa wolembayo kulembedwa nchito kuoneka ngati msampha wa anthu amantha. Kwa ife nchito ndiyo tinaolokera Zambezi ndi Limpopo.

Buku la Hill ndilo litibvuta koposa. Chiphunzitso chache ndi chakuti chuma chiyambira m'maganizo, ndipo amene alakalaka ndi mtima wonse adzachipeza. Mau otere akoma m'khutu usiku. Koma tembenuzani nsaluyo muone kuseri kwache: ngati chuma chichokera m'maganizo, ndiye kuti wosauka asauka chifukwa aganiza moipa. Kodi tinganene zotere kwa mbale wosenza simenti maora khumi, amene bwana wache amdula malipiro podziwa kuti sangathe kukadandaula kuli konse? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiponso m'mabuku onse awiri munthu ayenda yekha. Mnansi aoneka pokhapo pamene pali phindu.

Nanga buku labwino tilidziwa bwanji? Ife titi: buku labwino ndi limene linena zoona za njira imene munthu ali kuyendamo, zokoma ndi zowawa zomwe, kotero kuti potseka tsamba lotsiriza adzidziwa yekha koposa kale. Poyesa ndi muyeso umenewu, tiika pamaso panu mabuku atatu.

Loyamba ndi Nthondo, la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linatuluka mu 1933, litapambana pa mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za zinenero za mu Afrika, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analitembenuzira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Litsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa: mwana wosamva, mnyamata wakuba, munthu wopita kutali kukafuna nchito, ndipo potsiriza mfumu ya mudzi ndi Mkristu. Mphamvu ya bukuli iri m'mudzi. Ntara adziwa mayankhulidwe a akulu pa bwalo, a amai pa mtondo, a anthu pa maliro, ndipo Chinyanja chache chiri ndi mafuta. Amene lilime lache layamba kusakanizika ndi Chizulu ndi Chingerezi adzamva ngati wamwa madzi a pa chitsime cha kwao. Chilema chiripo, ndipo tichinena ngakhale tiri anthu a mpingo: Nthondo wochimwa ali ndi moyo koposa Nthondo wotembenuka. Kutembenuka kwache kufika mofulumira, ndipo wolemba satilowetsa bwino m'nkhondo ya mu mtima mwache. Ife amene tiona abale akugwa ndi kudzuka chaka ndi chaka tidziwa kuti mtima sugonja tsiku limodzi. Komabe liwerengeni. Amene lamkomera afunenso Msyamboza, la wolemba yemweyo, mbiri ya mfumu ya ku Dowa imene sinaope kuyesa zinthu zatsopano m'munda ndi m'mudzi mwache.

Lachiwiri ndi la Chingerezi chosabvuta: Mine Boy, la Peter Abrahams, mwana wa ku Vrededorp mu mzinda womwe uno, lotuluka mu 1946. Xuma afika ku Malay Camp usiku, alibe ndalama, alibe mbale, ndipo amlandira ndi Leah, mai wogulitsa mowa mobisa. Alowa nchito ya mu mgodi wa golidi, naona munthu wolavula mwazi amene abisa nthenda yache poopa kumchotsa nchito asanatsirize ngongole ya kwao. Potsiriza mgodi ugwa, anthu awiri afa pochirikiza denga kuti anzao apulumuke, ndipo Xuma akana kutsikanso pansi malowo asanakonzedwe. Nkhani ya chikondi cha Xuma ndi Eliza italika koposa muyeso, ndipo za Mulungu m'bukumo ziri pang'ono. Koma Leah atichititsa manyazi ife a mpingo: mlendo wofika usiku anampatsa chakudya ndi pogona osamfunsa kalata ya mpingo wache. Bukuli litikumbutsanso agogo athu amene anabwera ndi Wenela, nabwerera kwao ndi chifuwa cha fumbi la mu mgodi. Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linabvomereza pangano lakuti makampani a golidi apereke R5 biliyoni kwa odwala nthenda imeneyi ndi kwa mabanja ao, ndipo a ku Malawi ali m'gulu la oyenera kufunsa. Taonani, zimene wolemba anaona mu 1946 zinatenga zaka zoposa 70 kuti zifike pa chiweruzo.

Lachitatu ndi I Will Try, ndiko kunena kuti Ndidzayesa, la Legson Kayira, lotuluka mu 1965. Mnyamata ameneyu, atatsiriza sukulu ku Livingstonia, ananyamuka pansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America. M'katundu wache munali mabuku awiri: Buku Lopatulika ndi buku la John Bunyan lija tilidziwa ndi dzina lakuti Ulendo wa Mkristu. Ku Kampala analowa m'nyumba ya mabuku, napezamo maina a masukulu a ku America, nalembera kalata sukulu ya Skagit Valley, imene inamlandira. Anafika ku Khartoum mu 1960, ndipo kuchokera kumeneko anauluka. Bukuli liyamika dziko la America monga mwana ayamika mlendo wompatsa shuga, ndipo pamenepo tiliwerenge ndi nzeru. Wina asalitenge ngati chilolezo choyenda wopanda zitupa, pakuti njira za masiku ano zameza ambiri. Koma amene afuna kuona kusiyana kwa kulakalaka ndi kupirira aliike pambali pa buku la Hill. Kayira anagwira maganyu m'njira, anadwala, anagona ndi njala, ndipo sabisa kuti anathandizidwa ndi anthu ambiri.

Pa za Mau a Mulungu tinenepo ichi. Ambiri tsopano awerenga ndime imodzi yotumizidwa pa foni m'mawa, nayesa kuti adya. Kaya muli ndi Buku Lopatulika la 1922, kaya Buku Loyera la 1998, werengani nkhani yathunthu. Yambani ndi Yosefe, wogulitsidwa ku dziko la eni, wogwira nchito m'nyumba ya mlendo, wonamiziridwa, amene potsiriza anadyetsa abale ache pa njala. Pitani kwa Rute, wokunkha m'munda wa eni. Mudzadabwa kuona kuti anthu a pa ulendo achuluka m'Bukumo.

Tsono tichite chiani? Mabuku a chinenero chathu sapezeka m'miseu ya Joni. Chotero tipempha kuti mbale ali yense wopita kumudzi pa Khirisimasi afunse m'masitolo a mabuku, monga a CLAIM, ndi kwa aphunzitsi akale amene asunga mabuku m'masutikesi, nabwere nalo limodzi. Likhale la Ntara, kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, kapena Njala Bwana la Willie Zingani. Tidzawasunga m'bokosi la mpingo, ndipo mlembi adzalemba dzina la wobwereka. Buku limodzi lingathe kuzungulira chipinda chonse. Ndipo inu odziwa kuwerenga, kumbukirani mbale wa pa bedi loyandikana nanu amene sukulu anailekera panjira, ndi mkulu amene maso ache achita chidima. Muwerengereni mokweza masamba awiri kapena atatu madzulo, ndipo mukambirane monga tichitira pa bwalo kwathu.

Amene wawerenga buku lina lomthandiza, kapena amene atsutsana nafe pa zimene tanena za Kiyosaki ndi Hill, atilembere kalata. Tidzaisindikiza m'tsamba lino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ambuye akusungeni pa nchito zanu, ndi mabanja anu kumudzi.