Za Mau Akuti "Makina Sanama"

Pali mau ena amene afala pakati pathu masiku ano, ndipo ndiwamva kumsika, kusitolo, ngakhale pabwalo la chalichi titaturuka m'mapemphero. Anthu awiri akatsutsana pa za ndalama zotumizidwa pa foni, kapena pa za ngongole yolembedwa m'kompyuta, mmodzi wa iwo angoloza pagalasi la makinawo, nati, "Makina sanama." Pamenepo mlandu watha. Wotsutsa uja atseka pakamwa, nabwerera kwao ndi manyazi, ngakhale mtima wace umuuza kuti sanalakwe. Mau amenewa ndifuna kuti tiwayese pamodzi, inu owerenga, pakuti ndiwaona oopsa, ndipo ine ndemwe ndinawanenapo kwa munthu wosalakwa.

Ndiyambe ndi colakwa cangaco. Zaka zapitazo sukulu yathu inalandira mphatso ya kompyuta imodzi yakale, yoyendera magetsi a dzuwa. Mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makinawa kutauni, anadza kudzaceza, nandiphunzitsa pang'ono cinenero cochedwa Python, cimene anthu alembera naco malamulo akuti kompyuta iwatsate. Malamulo otere akaikidwa m'ndondomeko yace achedwa pulogalamu. Ine ndinakhumba kulemba pulogalamu yaing'ono yophatikiza malikisi a ana anga ndi kuwandandalika kuyambira woyamba kufikira wotsiriza, pakuti nchito imeneyi yandidyera masiku ambiri a moyo wanga ndi pensulo m'dzanja.

Ha! sindinaonepo wanchito wouma mutu ngati ameneyo. Masiku atatu ndinacezera usiku ndirikuyang'ana mizere yowerengeka imene ndinalemba, makina ali kukana, nangondionetsa mau a Cingerezi amene sindinawamvetsa. Batire likatha ndinkagona ndi mkwiyo, ndikuti m'mtima, atipatsa cinthu cakufa kale. Koma mnyamata uja atayang'ana kamodzi anaseka, nati, "Atsibweni, dzina ili pano mwaliyamba ndi cilembo cacikuru, koma apo mwaliyamba ndi cacing'ono. Kwa makina amenewa ndiwo maina awiri." Mwana wa m'kalasi yaciwiri akadazindikira cimene ndinafuna kunena, koma pulogalamu iai. Iyo itsata cimene dzanja lalemba, ndipo za mumtima mwa wolembayo siizidziwa.

Bvuto limenelo linali laling'ono, pakuti makina anakana poyera, ndipo ndinadziwa kuti ciripo colakwika. Lalikuru linadza pamene anabvomera. Potsiriza cigawo ca sukulu pulogalamu yanga inaturutsa maina onse m'mzere wokongola, ndipo mtsikana wina, amene masiku onse anali pakati pa oyamba, anapezeka pafupi ndi kumapeto. Amace anadza kwa ine, nagwada pakhonde, nafunsa ngati nkutheka. Ine ndinayankha modzikuza, "Mai, makina sanama." Anapita osanenanso kanthu. Patapita sabata ndinatenga mapepala kuti ndiwasunge, ndipo ndinaona kuti mwanayo sanalemba mayeso awiri cifukwa ca malungo. Ine ndinalamula makina kuti aphatikize malikisi onse ndi kugawa ndi 6, osawauza cocita akapeza malo opanda kanthu. Tsono iwo anayesa malo awiri aja ngati mwana analemba nalephera zonse. Kuphatikiza kunali koona, kugawa kunali koona, koma yankho linali bodza. Ndinayenda ulendo wa kumudzi kwao kukapepesa, ndipo unanditalikira.

Kapena wina adzati, "Ameneyo ndi mphunzitsi wa kumudzi wosadziwa kanthu, akatswiri eni ace sacita cotero." Tamvani tsono za akatswiri. M'mwezi wa December 1998 bungwe la NASA la ku America linatumiza combo copanda munthu, cochedwa Mars Climate Orbiter, kunka ku Mars, dziko lija lofiirira limene tiliona usiku ngati nyenyezi, kuti cikayese nyengo yace. Cinayenda miyezi 9. Pa 23 September 1999 cinalowa kuseri kwa Mars, ndipo sicinamvekanso. Pofufuza anapeza kuti pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin, imene inapanga comboco, inkapereka mphamvu ya timainjini tace m'muyeso wa mapaundi, pamene pulogalamu ya NASA inkalandira manambala omwewo niwayesa a muyeso wina wochedwa newton. Ndipo paundi imodzi ya mphamvu ilingana ndi ma newton 4.45. Kunali monga ngati wogulitsa cimanga awerenga madengu, mlembi nalemba nambala yomweyo ngati mbale. Cifukwa cace combo cimene cinayenera kupita pa mtunda wa makilomita 226 pamwamba pa Mars cinatsika kufikira ngati makilomita 57, kumene mpweya unacigwira, ndipo cinatayika. Makompyuta onse awiri anawerengera bwino lomwe. Ena mwa oyendetsa comboco anaona kale m'njira kuti manambala sagwirizana, koma nkhawa yao siinatsatidwa kufikira mapeto.

Kumeneko kunatayika cuma ndi nchito ya zaka. Koma iripo nkhani yina imene inaononga anthu, ndipo ndiyo yandicititsa kulemba. M'dziko la Britain mapositi ang'onoang'ono ambiri a m'midzi asungidwa ndi anthu wamba, eni masitolo, amene apangana ndi bungwe la Post Office kuti azigwira nchito yace. Ndipo m'pangano lao anawasenzetsa udindo wakuti ndalama zikasowa alipire iwo. Kuyambira m'caka ca 1999 mapositi amenewa anapatsidwa pulogalamu yowerengera ndalama yochedwa Horizon, ya kampani ya Fujitsu. Posacedwa anthu anayamba kuona kuti galasi lisonyeza ndalama zosowa zimene iwo sanatenga. Akaimba lamya kufunsa thandizo, ambiri anauzidwa kuti palibe wina adandaula, bvutolo nlao okha. Ena anatenga ndalama zao za m'thumba kutsekera dzenje, ena anakongola, ena anagulitsa nyumba. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anatsutsidwa m'mabwalo pa milandu ya kuba, cinyengo ndi kulemba mabuku monama, ndipo oposa 200 analowa m'ndende. Mmodzi wa iwo anali mai wodwala pakati, amene anamangidwa m'caka ca 2010. Ena anafa dzina lao lisanayere, ndipo ena anadzipha. Talingalirani, abale, munthu amene mudzi wonse unamkhulupirira ndi makalata ndi ndalama za okalamba, lero ana amloza cala panjira nati, wakuba uyo.

Kodi cinalakwika nciani m'makinamo? Zolakwika zinali zambiri, koma ndichule cimodzi, cimene anacipatsa dzina la mudzi wa Dalmellington ku Scotland. Munthu akamatsimikiza kuti walandira ndalama, galasi linkauma osayenda. Iye poyesa kuti makina sanamve ankadinanso batani, ndipo nthawi iri yonse akadina, makina ankalemba mwakacetecete kuti walandiranso. Kumudzi umenewo kunaoneka dzenje la mapaundi 24,000 amene sanakhalepo ndi kale lonse. Ndani mwa ife sanadinepo batani la foni kawiri katatu pamene yacedwa kuyankha? Ndiponso kunadziwika pambuyo pace kuti anchito a kampani ija anali nayo njira yolowera m'mabuku a mapositiwo ali kutali, ndi kusintha manambala, cinthu cimene Post Office inakana zaka zambiri.

Nanga mabwalo a milandu anabvomera bwanji? Apa ndi pamene mau athu aja aoneka ululu wace. M'caka ca 1999 lamulo la ku England linasinthidwa, kotero kuti bwalo liziyesa kompyuta iri bwino pokhapokha wina asonyeze kuti yalakwa. Koma mwini sitolo wa kumudzi akasonyeza bwanji, pamene zolembedwa zonse za m'kati mwa pulogalamu ziri m'manja mwa omwe akumuimba mlandu? "Makina sanama" anasanduka ngati lamulo, ndipo umboni wa munthu wa mbiri yabwino unapepuka pamaso pa pepala loturuka m'makina.

Anthuwo anapulumuka pamene analeka kukhala yekhayekha. Bambo Alan Bates, amene anasunga positi ku Llandudno m'dziko la Wales, anakana kubvomera manambala amene sanawakhulupirira, nacotsedwa nchito m'caka ca 2003. Sanagonja. M'caka ca 2009 anasonkhanitsa anzace m'nyumba ya misonkhano ya mudzi wa Fenny Compton, ndipo kumeneko yense anamva mnzace alikusimba nkhani yace yomwe. Mutu umodzi susenza denga. Anthu 555 anasumira pamodzi, ndipo m'caka ca 2019 woweruza Fraser anagamula kuti Horizon inali nazo zolakwika zokhoza kubala maenje otere. M'caka ca 2021 bwalo la apilo linafafaniza milandu ya anthu 39, ndipo m'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lofafaniza yambiri yotsala. Mlandu suola, anatero akale. Koma zaka 20 za munthu sizibwezeka.

Tsono tiweruze. Sinditsutsa olemba mapulogalamu cifukwa analakwitsa. Ine ndinalakwitsa m'mizere yowerengeka. Nanga iwo amene alemba mizere zikwi ndi zikwi, anthu ambiri pamodzi, ena nacoka nchito, ena nalowa osadziwa cimene anzao anaganiza? Iwo eni adziwa bwino kuti pulogalamu yaikuru siisowa colakwika, ndipo ali nalo dzina lace, acicha bug, ndiko kunena kacirombo. Inunso muli nao umboni m'thumba mwanu: foni zamakono zipempha kawirikawiri kuti zilandire zatsopano kucokera kwa ozipanga, ndipo zambiri mwa zatsopanozo ndizo zigamba zotsekera zolakwika zimene zapezeka. Cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Cimene nditsutsa ndico kukana. Wopanga amene adziwa colakwika nacibisa kuti malonda ace asagwe, ndi mkuru wa ofesi amene abisala kuseri kwa galasi kuti asabvutike kufufuza, amenewa ndiwo anama, nacita makina cikopa cao.

Nditsutsanso ife tomwe. Taphunzira kuopa cinthu ciri conse cowala ndi colankhula Cingerezi, ndipo mantha amenewa tiwayesa nzeru. Posacedwapa kwadzanso mapulogalamu oyankha mafunso m'mau okoma ngati a munthu, amene nthawi zina anena zosaona ndi liu lolimba lomwelo limene anenera zoona. Ana athu akazolowera kuti coturuka pagalasi sicifunsidwa, adzakhala bwanji anthu oyesa zinthu? Sayansi imene inapanga makinawa inakula ndi mwambo wina, wakuti cimene wapeza mmodzi aciyesenso mnzace asanacibvomere. Wonena kuti "makina sanama" ayesa kuti alemekeza sayansi, pamene waitaya.

Musandimve molakwa, ngati ndifuna kuti tibwerere ku masiku akale. Foni yapulumutsa amai athu ku maulendo atali okalandira ndalama za ana ao a ku Johannesburg, ndipo kompyuta ija ndiigwiritsabe nchito, pakuti iphatikiza msanga kundiposa, ndipo siitopa. Koma malo ace oyenera ndiwo a mboni. Pabwalo la amfumu mboni imvedwa, koma ifunsidwanso: unali pati, anakuuza ndani, alipo wina anaona? Makina tiwafunse comweco: analowetsa manambala ndani, analemba malamulo ndani, buku likuti ciani? Inu asungicuma a mpingo ndi a magulu osunga ndalama m'mudzi, musataye buku lanu cifukwa mwagula foni. Lembani tsiku, dzina ndi ndalama, wina nasaine. Inu otumiza ndi olandira, musafafanize uthenga wotsimikiza kufikira nkhani yatha. Ndipo buku ndi makina zikasiyana, musathamangire kucha mnzanu wakuba. Yambani mwafunsa ngati alipo ena amene aona zomwezo, pakuti anthu a ku Britain aja anazunzika zaka zambiri cifukwa yense anauzidwa kuti ali yekha.

Ine tsopano, pulogalamu yanga ikaturutsa maina, nditenga mapepala a ana asanu, woyamba, wotsiriza ndi atatu a pakati, ndi kuwaphatikiza ndi pensulo monga kale. Ndipo kholo likadza pakhonde kudzati, "Aphunzitsi, izi sizikumveka," nditurutsa mpando ndi mapepala, kuti tiwerengere pamodzi.