Chifundo cha Abuda ndi Lilime la Mwana Wamasiye

Filimu ya Nicole Schafer yotchedwa Buddha in Africa, imene inatuluka mu 2019, iyenera kuonedwa ndi wansembe aliyense wotumikira ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Ndirande, pakuti nkhani yake inachitikira pakhomo pathu penipeni. Ikuonetsa moyo wa ana amasiye a pa Amitofo Care Centre ku Mapanga, malo amene anawayambitsa mmonke wa ku Taiwan, Hui Li.

Hui Li anaphunzira kwa Hsing Yun, amene anakhazikitsa gulu la Fo Guang Shan mu 1967 namwalira mu 2023. Chiphunzitso chawo nchakuti chifundo cha Buddha chisakhale cha m'kachisi mokha, koma chioneke m'ntchito: kudyetsa wanjala, kuphunzitsa mwana, kusapha chamoyo chilichonse. Nchifukwa chake anawo amadzuka kusanache kukapemphera potchula dzina la Amitabha, sadya nyama, ndipo amaphunzira Chitchaina ndi kung fu.

Ubwino wa filimuyi ngwakuti siweruza mwamsangamsanga. Ikutsata mnyamata mmodzi amene ayenera kusankha pakati pa kupita kukaphunzira ku Taiwan ndi kubwerera kumudzi kwa abale ake, kumene wafika pokhala ngati mlendo. Sitikuona munthu wankhanza; tikuona aphunzitsi amene alera mwana moona mtima, koma mwanjira yomutalikitsa ndi kwawo.

Kufooka kwake nkwakuti chiphunzitso chenichenicho sichimveka mokwanira. Woonerera atha kuganiza kuti Chibuda ndi mwambo wa Atchaina basi, osadziŵa kuti chimaphunzitsa za kuvutika, gwero lake m'chilakolako, ndi njira yomasukira. Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, unazindikira kuzama kumeneku ndipo unatipempha kuti tikulemekeze.

Komabe funso la filimuyi ndi lathunso. Sukulu zambiri za mishoni zinapatsa ana nsima, zovala ndi maphunziro, koma zinasintha maina ao ndi kuwachititsa manyazi ndi miyambo ya makolo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Abuda a ku Mapanga, mosadziŵa, atikumbutsa kuti mwana wamasiye alibe mphamvu yokana chimene womudyetsa amuphunzitsa. Choncho wolera mwana wotere m'dzina la chipembedzo chilichonse ali ndi udindo womusungira lilime lake, abale ake ndi ufulu wosankha akadzakula.