Agogo akufuna kumva ankhoswe: za makamera ojambulira miyambo yathu kuno

Pali mtundu wina wa vidiyo ya ukwati umene wafala pakati pathu kuno ku DMV, ndipo lero ndikufuna tiukambe mosapsatira. Mumaudziwa. Mphindi zitatu kapena zinayi, kanyimbo ka piyano pansi pake, mkwatibwi akutembenuka pang'onopang'ono ngati ali m'madzi, mphete ikuoneka bwinobwino pomwe zonse za kumbuyo kwake zili mbuu. Ndi yokongola, sindikukana. Pa Instagram imakolola timitima. Koma itumizeni kwa agogo ku Ntcheu amene sanathe kubwera, mumve zimene afunse. Afunsa kuti ankhoswe akuchimuna anati chiyani. Afunsa kuti anaimira amalume ndi ndani, abusa analalikira za chiyani, pa perekaniperekani a ku Maryland anaponya bwanji. Mu vidiyo ija mulibe yankho ngakhale limodzi.

Mwina mukuti, nanga izi zikukhudzana bwanji ndi kamera? Zikukhudzana kwambiri, chifukwa kamera imene munthu wagula ndi imene imamuphunzitsa kajambulidwe. Ambiri a inu a kuno ku Woodbridge, Dale City mpaka ku Manassas mukuganiza zoyamba kujambula maukwati, zinkhoswe ndi mapemphero Loweruka ndi Lamlungu kuti mupezeko ina yapadera. Ganizo labwino. Koma musanatulutse madola 2,000 kapena 3,000, dziwani kuti pali magulu awiri a makamera amene akulimbirana ndalama zanuzo, ndipo amene amatamandidwa kwambiri pa YouTube si amene anapangidwira ntchito yathuyi.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 2004 Sony inatulutsa HDR-FX1, kamera ya HD imene munthu wodzilemba yekha ntchito akanatha kuigula, yojambula pa timatepi ta MiniDV ta ola limodzi. Chaka chotsatira kunabwera inzake, HVR-Z1, yokhala ndi mabowo olumikizira maikolofoni aakulu. Amenewa ndi amene amatchedwa prosumer camcorder: sanafike pa makamera a kunyumba youlutsira mawu ndi zithunzi, komanso si zidole zojambulira ana pa Khrisimasi. Ali ndi chogwirira pamwamba, lenzi yosachotseka yokoka patali, batire lalikulu, ndipo mukawayatsa amangopita mpaka mwambo kutha. Kenako mu 2008 Canon inatulutsa 5D Mark II, kamera ya zithunzi yothanso kujambula vidiyo, ndipo chifukwa cha sensa yake yaikulu inkapereka chithunzi chija cha nkhope yokha, kumbuyo kuli mbuu. Ojambula anapenga nayo. Koma makamera a zithunziwa kwa zaka zambiri ankasiya okha kujambula theka la ola lisanakwane, ambiri pa mphindi 29 ndi masekondi 59, chifukwa ku EU kamera yopitirira pamenepo inkalipiritsidwa msonkho wa kamera ya vidiyo. Ena ankatentha n'kuzima. Mawu ankagwidwa ndi kamaikolofoni ka m'kati kosathandiza. Munthu wokhala ndi chida chotere amazolowera kujambula tizidutswatizidutswa, n'kukwirira mawu oipawo ndi nyimbo. Ine ndimaona kuti vidiyo ya mphindi zitatu ija inabadwa choncho. Chilema cha kamera chinasanduka fasho.

Makamera a mirrorless a masiku ano ambiri anachotsa malire a nthawiwo, ndipo mumdima amaona bwino kuposa camcorder iliyonse ya mtengo wofanana. Apo ndiwapatse ulemu wawo. Koma pofika poti mwagula malenzi awiri, kabokosi ka XLR, galasi lochepetsa dzuwa ndi mabatire anayi, ndalama ija yadumpha kale. Ndipo nthawi imene mukusintha lenzi ndi yomweyo mayi a mkwati adzuka kuliza nthungululu. Sabwerezanso.

Ndiye poyesa camcorder, yambani ndi makutu. Itembenuzeni muone ngati pachogwirira pali mabowo awiri a XLR, ozungulira aja okhala ndi timabowo titatu. Ngati palibe, ibwezeni pashelefu. Maholo amene timabwereka kuno, kaya ndi chipinda chapansi cha tchalitchi, kaya ndi holo ina m'mbali mwa Route 1, ali ndi makoma olimba ndi denga lotsika, moti mawu amangobwererabwerera. Maikolofoni ya pakamera, mutaima kumbuyo kwa holo, imagwira mafoloko, ana olira ndi mkokomo wa AC, koma wolankhula amamveka ngati ali m'chitsime. Njira yake ndi waya wochokera kumikisa ya DJ kulowa m'bowo loyamba, kaswitchi kake kali pa LINE osati pa MIC, apo ayi mawu onse asweka. Bowo lachiwiri mulisiyire maikolofoni ya pakamera, chifukwa mikisa imangonyamula zimene zalankhulidwa pamaikolofoni. Kuseka kwa anthu, kwaya yoyankha, m'manja, zonsezo sizidutsamo. Timizere ta mawu tizivina cha pa -12, tisafike pa 0. Mahedifoni akhale kumakutu mwambo wonse. Ndipo DJ muonane naye anthu asanafike, mumulankhule bwino, chifukwa theka la vidiyo yanu lili m'manja mwake.

Kulemera kwa zimenezi kumaoneka pamaliro. Wathu akamwalira kuno, mwambo womutsanzika umachitika thupi lisananyamuke, ndipo abale kumudzi amaonera pafoni imodzi ataunjikana. Tikayamba 2 koloko masana kuno, kwathu ndi 8 koloko usiku m'miyezi yathu yotentha, 9 koloko m'nyengo yozizira. Netiweki ikafooka chithunzi chimasanduka timabokosi, koma anthu amapirira. Mawu akasowa ndiye kuti sanakhale nawo pamaliropo. Apa Canon XA60 ndi XA70, za mu 2022, zili ndi chinthu chimene ndimachiyamikira: waya mmodzi wa USB-C kupita kulaputopu, kompyuta n'kuiona ngati webcam, basi muli pa Zoom kapena Facebook Live.

Chachiwiri ndi khungu lathu, ndipo apa ndichedwapo. Kuyambira m'ma 1950 Kodak inkatumiza kumalo otsukira zithunzi khadi loyezera mitundu, lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Khungu lake ndi limene linali muyezo. Lorna Roth wa ku Concordia University ku Montreal analemba za mbiriyi mu 2009, ndipo anapeza kuti ena mwa amene anakankha Kodak kuti filimu yake iziona bwino mitundu yoderapo anali opanga chokoleti ndi ogulitsa mipando yamatabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pamalonda. Chokoleti inamveka msanga kuposa ife, eti. Filimu inapita koma chizolowezicho chilipo: malangizo ambiri amene mudzawapeze amati ikani zebra pa 70 ndipo timizere tikaoneka pankhope ndiye kuti kuwala kuli bwino. Muyezo umenewo ndi wa khungu loyera. Mukaukakamiza pankhope ya mlongo wanu, diresi loyera lipsa n'kusanduka chipepala chopanda ulusi. Mukasiya kamera pa AUTO imachita zosiyana: ikaona diresi loyera imatseka diso, nkhope n'kumira, kutsala mano ndi maso.

Amene anaphunzitsa dziko kujambula khungu lakuda mwaulemu sali kutali ndi ife. Ku Howard University, kungokwera I-95 kulowa mu DC, Haile Gerima wa ku Ethiopia, amene anapanga Sankofa mu 1993, anaphunzitsa za mafilimu zaka zambiri. Mmodzi mwa amene anadutsa m'manja mwake ndi Bradford Young, amene anajambula Selma ya mu 2014 ndipo mu 2017 anapikisana nawo pa Oscar chifukwa cha Arrival. Mukaonera Selma, yang'anani nkhope za m'zipinda zamdima. Sanazithire magetsi kuti ziyere. Anazisiya zakuda, koma mukuona thukuta, makwinya, kufiirira kwa pansi pa khungu. Phunziro kwa ife a maukwati ndi loti kamera izitilola kugwira diso lake tokha, pamanja, msanga, osafufuza m'mamenyu. Komanso izisunga mitundu yokwanira mumthunzi. Nachi chinthu chimene wogulitsa sangakuuzeni: Sony PXW-Z90 ikamajambula 4K imasunga 8-bit, masitepe 256 a kuwala pamtundu uliwonse, koma ikamajambula HD imasunga 10-bit, masitepe 1,024. Pankhope yakuda imene magetsi ofiirira a DJ akuimenya, HD imeneyo imakupatsani mpata wokonza khungu pakompyuta kuposa 4K yake yomwe.

Tifike pamakamera enieniwo. Nkhondo yake ili pakati pa sensa ndi zumu. Z90, ya mu 2017, ndi Canon XA70 zili ndi sensa yotchedwa 1-inch. Dzinalo ndi lonamiza, linachokera kumachubu a makamera akale. Kukula kwake kwenikweni ndi mamilimita 13.2 kwa 8.8. Komabe ndi yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya mu XA60. Sensa yaikulu imatola kuwala kochuluka, choncho muholo yamdima chithunzi sichichita timchenga kwambiri. Mtengo wake ndi woti zumu imafupika: Z90 imakoka ka 12, XA70 ka 15, pomwe XA60 imakoka ka 20 ndipo Panasonic HC-X2000, ya mu 2020, imafika ka 24. Kusiyanako si kwakukulu monga manambala a sensa akunenera, chifukwa lenzi ya XA60 ndi ya X2000 imatseguka mpaka f/1.8 pomwe za sensa yaikuluzo zimayambira pa f/2.8 n'kutsika mpaka f/4.5 mukakoka mpaka kumapeto. Koma kulipo, ndipo kumaoneka pakhungu lathu msanga kuposa pa la anzathu.

Ine ndikanasankha chonchi. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya madzulo m'maholo, tengani ya 1-inch. Pakati pa ziwirizo, Z90 yakalamba, mamenyu ake ndi otopetsa ngati fomu ya msonkho, koma imatsata nkhope bwino, HD yake ndi yolemera, ndipo yogwirapo kale ntchito imapezeka pamtengo wotsika. XA70 ndi yosavuta kuizolowera ndipo pa zoulutsa pompopompo yapambana. Sony inatulutsa zatsopano mu 2024, HXR-NX800 ndi PXW-Z200, za 1-inch zokoka ka 20, koma mtengo wake si wa munthu woyamba kumene. X2000 ndi ya munthu wa masana: mpira wa anyamata, pikiniki ya 6 July kupaki ngati Leesylvania, tchalitchi lalikulu lowala bwino limene mwaima kumbuyo koma mukufuna nkhope ya woimba. Ndi yopepuka, ili ndi kanyali pachogwirira, koma muholo imene DJ wazimitsa magetsi imavutika. XA60 ndi yabwino pamtengo wake, vuto lake ndi lomwelo.

Za 4K tisatayepo nthawi. Ola limodzi pa 100 Mbps ndi ma GB 45. Ukwati wathu ndi maola angati? WhatsApp idzaifinya vidiyoyo mpaka kutsala chithunzithunzi, ndipo wolandirayo akulipira bando ya Airtel kapena TNM. HD yojambulidwa bwino ndi yokwanira. Ya mwambo wonse muiike pafulashi, mupatsire amene akukwera Ethiopian pa Dulles. Chofunika kuposa 4K ndi malo awiri a makhadi a SD, amene makamera onsewa ali nawo. Aikeni kuti azijambula onse awiri nthawi imodzi. Khadi limafa osatsanzika.

Amene mukufuna kudzapita nayo kamerayi kumudzi pa Disembala, funsaninso chinthu chimodzi. Magetsi a kuno amayenda pa 60Hz, a ESCOM pa 50Hz. Kamera yokhazikika pa 60 ikalowa mutchalitchi la machubu ku Lilongwe, chithunzi chimaphethira kapena kuchita mizere yoyenda. Z90 imasinthika pakati pa 50 ndi 60. Makamera ena ogulitsidwa kuno sasinthika, ndipo pamenepo mankhwala ake ndi kuika shutter pa 1/100 kapena 1/50 ngati ikulola.

Pomaliza pake, musakhulupirire mavidiyo oyesera amene anajambulidwa padzuwa ndi munthu wa khungu loyera. Bwerekani kamerayo kumalo ngati Lensrentals kwa masiku atatu musanagule. Pitani nayo kupulakatisi ya kwaya, muzimitse theka la magetsi, muimike mnzanu wakuda kwambiri pagulupo atavala malaya oyera, mukoke zumu mpaka kumapeto, wina azilankhula pamaikolofoni. Muisiye ijambule maola awiri osaigwira, muone ngati batire ndi kutentha zikupirira. Kenako tumizani mphindi imodzi pa WhatsApp kwa wina kumudzi, mumufunse ngati wazindikira nkhopeyo ndiponso ngati wamva mawu onse. Mukakhutira n'kuganiza zoitanitsa ku B&H ya ku New York, kumbukirani kuti kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo salandira maoda, amasunga Sabata. Musadikire sabata ya ukwati.