Mphukira za pa Galasi la David Hockney

Pali mkangano umene sukutha pakati pa anthu okonda zaluso. Kodi chithunzi chojambulidwa ndi chala pa galasi la tabuleti, popanda penti, burashi ngakhale chinsalu, tingachitche ntchito ya mmisiri? Okana amati ntchito yonse agwira ndi makina, munthu wangosisitapo. Ine mkangano wotere ndimaumva bwino pakakhala munthu woti timuloze, osati kumangotsutsana m'malere. Munthu wake ndi David Hockney, Mngerezi wobadwira mumzinda wa Bradford m'chaka cha 1937, yemwe adayamba kujambula pa foni ya iPhone ali ndi zaka zoposa 70, nasamukira pa iPad chipangizochi chitangotuluka mu 2010.

Tisanapite patali tidziwiretu kuti mkuluyu sadathawire ku tabuleti chifukwa choti pensulo idamukanika. Mu 1969 adajambula zithunzi zokongoletsa nthano zisanu ndi imodzi za abale awiri a ku Germany otchedwa Grimm, pozokota pa chitsulo ndi dzanja lake. Zithunzi zake za maiwe osambiramo zidamutchukitsa dziko lonse, ndipo chimodzi mwa izo chidagulidwa pa mtengo wa madola 90.3 miliyoni mumzinda wa New York mu 2018. Koma kuyambira kale adali wosachedwa kugwira chida chilichonse chatsopano. M'zaka za m'ma 1980 ankapanga zithunzi pa makina a fotokope ndiponso kutumiza zojambula zake pa fakisi. Choncho tabuleti idamupeza ali wozolowera kale kufunsa chida kuti chingamuchitire chiyani.

Chimene chidamukopa poyamba chidali chaching'ono. Ankakhala ku Bridlington, tauni ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Yorkshire, ndipo m'mamawa ankajambula maluwa a m'botolo pawindo kapena dzuwa likutuluka, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Brushes. Akamaliza ankatumizira anzake tsiku lomwelo. Zithunzi zimenezi ndizo zidaonetsedwa ku Paris mu 2010, osati pa mapepala ayi, koma pa mafoni ndi matabuleti enieniwo, zikuwala m'chipinda cha mdima.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Tabuleti sidampatse Hockney maso, kapena choti ajambule. Chimene idampatsa ndi changu. Aliyense amene adaonapo wojambula ndi penti ya mafuta akudziwa kuti pamafunika kusakaniza mitundu, kutsuka maburashi, ndi kudikira kuti pena paume asanapakepo pena. Kuwala kwa mbandakucha sikudikira zonsezo. Pofika nthawi yoti wapeza kufiira kumene akufuna, thambo layera kale. Pa tabuleti mtundu amangousankha ndi chala, mzere waukulu kapena waung'ono amausintha pompo, palibe choti chiume, ndipo popeza galasi limawala lokha, munthu angathe kujambula kudakali chisisira osayatsa nyale imene ikadaononga mdima womwe akuujambulawo. Kwa munthu wofuna kugwira chinthu chosakhalitsa, umenewu si mwayi wochepa.

Ntchito imene ndimaiona kuti idapambana zonse ndi ya mu 2011. Pakati pa Bridlington ndi mudzi wa Kilham pali kamsewu kakumidzi kotchedwa Woldgate. Kuyambira mu Januwale mpaka kumayambiriro kwa Juni, Hockney ankabwerera pa kamsewu kameneka mobwerezabwereza, kujambula mitengo, tchire ndi zithaphwi zomwezomwezo. Zidatuluka zithunzi 51 za pa iPad, chilichonse dzina lake likutchula tsiku limene adachijambula, kuphatikizapo chimphona chimodzi cha penti ya mafuta cha zinsalu 32 zolumikiza. Zonse pamodzi adazitcha The Arrival of Spring in Woldgate, ndipo zidaonetsedwa ku Royal Academy mumzinda wa London mu 2012, pa chionetsero chimene chidakopa anthu oposa 600,000.

Kuti timvetse chimene ankasaka, tikumbuke kuti kwawoko mitengo yambiri imayoyola masamba onse m'nyengo yozizira, n'kuima ngati youma kwa miyezi ingapo. Kenaka, cha m'Malichi mpaka mu Meyi, imadzuka pang'onopang'ono. Ife tingayerekeze ndi mphukira zofiirira za mitengo ya mombo zimene zimatuluka m'thengo mvula isanagwe, zija munthu umangozindukira phiri lonse lasintha mtundu osadziwa kuti zidayamba liti. Funso la Hockney lidali lomwelo: zimayamba liti? Ukatsata zithunzizo m'ndondomeko ya masiku ake, umaona yankho likubwera. Mu Januwale nthambi zili mbee, msewu uli chinyontho, zithaphwi zikubweza thambo lotuwa. Pakapita masabata, pansi pa mitengo payamba kubiriwira nthambi zisanadziwe n'komwe. Kenaka timadontho ta msipu tayamba kuoneka m'mwamba. Pofika kumapeto kwa Meyi mitengo yaminga ya hawthorn yachita maluwa oyera ochuluka ngati thovu, ndipo msewu uja wabisika mumthunzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chodabwitsa n'chakuti chida chachangu ndicho chidathandiza kudekhako, pakuti munthu womaliza chithunzi m'mawa umodzi angathe kubweranso mawa lake, ndi mkuja, mpaka nyengo yonse itadutsa m'manja mwake.

Nanga maso oterewa adawatenga kuti? Woyamba ndi Vincent van Gogh, Mdatchi amene adamwalira mu 1890. Hockney sadabisepo kuti amamukonda, ndipo mu 2019 nyumba yosungira zithunzi za Van Gogh ku Amsterdam idaika ntchito za awiriwa pamodzi. Ukayang'ana udzu wa Van Gogh, suona chobiriwira chongopaka ayi. Umaona timizere, timadontho ndi tokhotakhota, kalikonse kakuloza kumene mphepo kapena mmera ukupita. Hockney adatengera chizolowezi chimenechi pa galasi. Msewu wake ukhoza kukhala wofiirira ngati bilinganya, thunthu la mtengo labuluu, ndipo suona chachilendo, chifukwa mitunduyo ikunena za kuwala kwa ola limenelo osati za khungwa la mtengo.

Gwero lachiwiri lili kutali ndi Ulaya. Hockney adachita chidwi kwambiri ndi zithunzi zakale za ku China zojambulidwa pa mipukutu yaitali, imene munthu amaifunyulula pang'onopang'ono ngati akuyenda ulendo, mpaka mu 1988 adatuluka mu filimu akufotokoza umodzi mwa mipukutu yotereyi. Dandaulo lake pa kamera lidali lakuti imaona ndi diso limodzi, itaima malo amodzi, kwa kamphindi kamodzi, pamene munthu amaona akuyenda, akutembenuka, akukumbukira. Atasamukira ku Normandy m'dziko la France mu 2019, adakhala pafupi ndi nsalu yotchuka ya ku Bayeux, yopetedwa zaka zoposa 900 zapitazo, yotalika pafupifupi mamita 70, yosimba mmene ankhondo a ku Normandy adagonjetsera England mu 1066. Mpukutu wa ku China ndi nsalu ya ku Bayeux zidakumana m'mutu mwake. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, iye adali m'munda mwake ndi iPad, ndipo zithunzi 116 za nyengo ya mphukira ya chaka chimenecho zidaonetsedwa ku London mu 2021. Chaka chomwecho adalumikiza zithunzi za nyengo zonse kukhala chimzere chimodzi cha mamita pafupifupi 90, chotchedwa A Year in Normandie, chimene adachipachika ku Musée de l'Orangerie ku Paris, nyumba yomwe imasunga zithunzi zikuluzikulu za maluwa a pamadzi za Claude Monet. Woonera amayamba m'chisanu, nayenda ndi mapazi ake kudutsa maluwa, zipatso ndi kugwa kwa masamba.

Komatu sindikufuna kuti awerengi aganize kuti zonse ndi zokoma. Otsutsa adalipo, ndipo Brian Sewell, wolemba za luso m'nyuzipepala ya Evening Standard, adachinyoza kwambiri chionetsero cha 2012 chija. Ine sindifika pamene iye adafika, koma zifukwa zodandaulira ndili nazo.

Choyamba, chithunzi chobadwira pa galasi chimakhala ndi moyo chifukwa kuwala kumachokera kumbuyo kwake. Ukachisindikiza pa pepala lalikulu kuti chidzaze khoma, kuwala kuja kumazima, ndipo chotsala chilibe thupi. Penti ya mafuta ili ndi makwinya, pena yakhuthala, pena burashi idauma nikanda chinsalu. Inki ya makina ndi yosalala paliponse ngati kalendala ya kugolosale. Si mwangozi kuti imodzi mwa ntchito zake za pa iPad zimene zidakhala bwino zitakuzidwa ndi windo la magalasi amitundumitundu la m'tchalitchi cha Westminster Abbey, limene adalikonza polemekeza Mfumukazi Elizabeth II mu 2018. Pamenepo dzuwa limalowa kumbuyo, monga momwe zimakhalira pa tabuleti.

Chinanso n'chakuti changu chili ndi msampha wake. Pulogalamu imalola kuti ukhudze kamodzi n'kumwaza madontho ambirimbiri ofanana. M'zithunzi zina za ku Normandy masamba ndi maluwa zimaoneka kuti zidamwazidwa motero, ndipo diso limazindikira msanga kuti apa dzanja lidathamanga kuposa maso. Kubiriwira kwake nthawi zina kumakhala kwa pulasitiki, kotsekemera mopitirira ngati thobwa lothira shuga wambiri. Zithunzi 116 n'zambiri. Zikadakhala 40 bwenzi tikuzikumbukira bwino.

Ndipo pali china chimene chimandivuta monga munthu wokonda nkhani. Nsalu ya ku Bayeux yadzaza anthu: okwera akavalo, osema ngalawa, ophika, akufa. Mipukutu ya ku China nayo ili ndi amalonda ndi opalasa mabwato. Koma m'mamita 90 a Hockney muli mitengo, nyumba, mitolo ya udzu wouma, popanda amene adaumweta. Chaka chimene anthu ankaikidwa m'manda abale awo ali kutali, munda wake ulibe ngakhale chithunzithunzi cha munthu. Ena amati chimenecho ndicho chitonthozo chake, kuti mitengo idaphukabe osafunsa za mliri, ndipo zoonadi chithunzi chake cha maluwa achikasu a daffodil chimene adachitulutsa mu Malichi 2020 chidasangalatsa anthu ambiri otsekeredwa. Ine ndimaona kuti adabwereka thupi la nsalu ija nasiya mtima wake.

Nanga aja amati makina ndiwo ajambula? Yankho lili m'pulogalamu momwemo. Brushes inkasunga mzere uliwonse m'ndondomeko imene udajambulidwira, kotero kuti chithunzi chingathe kuseweredwa ngati kanema kuyambira pa galasi loyera mpaka pomaliza, ndipo zina mwa ntchito zake zidaonetsedwa motero. Umaona pamene adayambira, chimene adachikuta ndi mtundu wina, ndi pamene adabwererapo kudzakonza. Chinsalu cha penti chimabisa zonsezi pansi pa utoto womaliza. Masiku ano, pamene kuli mapulogalamu otulutsa chithunzi chathunthu munthu akangolemba mawu ochepa, kusiyana kwa zinthu ziwirizi kukuoneka poyera kuposa mu 2010: uku kuli munthu amene adakhala m'mbali mwa msewu m'chisanu cha Januwale akuyang'ana chithaphwi, uko kulibe amene adayang'ana kanthu.

Chomvetsa chisoni pang'ono n'chakuti maluwa aja ankapita kwa anzake ulere m'mawa uliwonse, aliyense n'kulandira chithunzi chenicheni osati kope lake, pakuti pa galasi palibe choyamba ndi chachiwiri. Msika sudakondwe nazo zimenezo. Zithunzi za ku Woldgate zidasindikizidwa m'makope owerengeka, osainidwa, ogulidwa ndi anthu a ndalama zawo. Atandifunsa kuti ndisankhe, ndingasiye mapepala akuluakuluwo n'kutenga zithunzi za Januwale ndi Febuluwale 2011, za nthambi zopanda tsamba ndi madzi a mumsewu, ndizionere pa galasi laling'ono la m'manja monga momwe mwini wake adazionera akuzijambula.