Phala lotentha m'ndime ya Zhang Zhongjing

M'buku lakale la ku China lotchedwa Shanghan Lun muli ndime yonena za munthu amene mutu ukumuwawa, thupi latentha, akutuluka kathukuta koma kamphepo kakamuwomba akunjenjemera. Ife tingangoti chimfine chamugwira. Mlembi wake, Zhang Zhongjing, anali sing'anga wa cha m'ma 200, ndipo m'mawu oyamba a bukulo akufotokoza kuti pa abale ake oposa 200, awiri mwa atatu alionse anatsikira kuli chete zaka 10 zisanakwane, ambiri ndi matenda otentha thupi. Analemba ali ndi maliro kumtima.

Mankhwala ake, guizhi tang, ndi zinthu zisanu zokha: timitengo ta sinamoni, muzu wa duwa la peony, jinja wamuwisi, muzu wotsekemera wa gancao, ndi zipatso 12 zapachibale ndi masawu athuwa. Madzi miyeso 7 awire pamoto wochepa mpaka itsale 3, wodwala amweko umodzi. Za mankhwala zathera pomwepo. Mawu ochuluka a ndimeyi akupita kwa wodwazika.

Wodwala akangomwa, papite kanthawi pang'ono, kenaka apatsidwe phala lamadzimadzi lotentha kuti lithandize mankhwalawo. Sing'angayu sakuliona phala ngati chakudya chongopereka poti munthu sanadye. Walilemba m'dongosolo lomwelo la mankhwala, ndi muyeso wake. Mayi aliyense wa ku Kabudula amene anaphikirapo mwana wodwala phala la mgaiwa m'mawa wa mwezi wa June angamve zimenezi popanda womasulira.

Kenaka wodwala afunde pafupifupi maola awiri. Apa ndiye pamene ndimeyi yandigwira mtima. Thukuta lofunika ndi lochepa, longonyowetsa khungu thupi lonse. Likafika poyenderera, mlembi akuti matenda sachoka. Taganizani mmene timachitira kwathu kuno, ku Nsaru kaya ku Mpingu, nyengo yozizira ikafika: poto wa masamba a bulugama ndi ndimu waphulidwa kumene pamoto, munthu amufundika bulangeti, ndipo akafuna kutulutsa mutu timamuuza kuti, "Pirirani achimwene, matenda atuluke." Timayesa kuchira ndi kuchuluka kwa thukuta. Munthu amatulukamo ali lende, madzi am'thupi atatha, ndipo mwana akagunda potoyo ndi zilonda zamoto. Zhang Zhongjing akanatichotsera bulangetilo msanga.

Chotsatira ndi chimene ogulitsa mankhwala sakonda kunena. Muyeso woyamba ukagwira ntchito, thukuta latuluka ndipo munthu wapeza bwino, yotsalayo isamwedwe. Ukapanda kugwira, amwenso, ndipo nthawi yodikira ifupikitsidwe. Ndiye kuti wodwazika ayenera kukhala pafupi, kumakhudza khungu, kumaona. Mndandanda wa zosala ukubwera kumapeto: zaziwisi, zozizira, nyama, zokometsera zoyabwa, mowa. Patsogolo pang'ono bukuli likuchenjezanso kuti chidakwa chisapatsidwe mankhwalawa chifukwa chisanza.

Sing'angayu tisamukweze mopitirira. Iye ankakhulupirira kuti mphepo ndi chisanu ndizo zimalowa m'thupi, pomwe lero tikudziwa kuti chimfine chimadza ndi mavairasi ndipo nthawi zambiri chimatha chokha pa sabata kapena masiku 10. Phala, bulangeti ndi kupuma zimangomupepuza munthu podikira. Komanso mutu, kutentha thupi ndi kunjenjemera kwathu kuno n'chimodzimodzi chiyambi cha malungo, ndipo palibe ndime ya m'bukuli imene ingalowe m'malo mwa kubayitsa chala ku St Gabriel ku Namitete kapena ku chipatala cha Nambuma.

Koma pa kusiyanitsa odwala sing'angayu sankachita zachibwana. Munthu amene thupi latentha, mafupa akuphwanya, koma thukuta osatuluka, ankamupatsa mankhwala ena, mahuang tang, ndipo analetsa kumupatsa oyamba aja. Chomera cha mahuang ndi champhamvu: m'menemo ndimo Nagai Nagayoshi wa ku Japan anapezamo ephedrine m'chaka cha 1885, mankhwala otsegula chifuwa koma othamangitsa mtima ndi magazi. Dziko la America linaletsa zakudya zowonjezera thanzi zokhala ndi chomerachi mu 2004. Wogulitsa mankhwala a ku China woyendayenda akamati kapaketi kamodzi n'ka chimfine chilichonse ndi munthu aliyense, akutsutsana ndi buku la eni ake. Agogo a BP akagula kapaketi kolembedwa Chitchaina chokhachokha, alibe njira yodziwira ngati mulibe mahuang.