Asanatulukire Mama Atim

Nkhani ya Stanley Onjezani Kenani yotchedwa Love on Trial, yomwe inafika m'ndime yomaliza ya mphoto ya Caine mu 2012, imayambira pakamwa pa chidakwa. Bambo Lapani Kachingwe a ku Chipiri amasinthanitsa ndi mowa mbiri ya Charles Chikwanje, mnyamata amene anamupezerera ali ndi mwamuna mnzake. Kenani analemba dziko lisanaiwale mlandu wa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe mu 2010 anagamulidwa zaka 14 kenako n'kukhululukidwa ndi Bingu wa Mutharika. Miseche ya mudzi anaigwira bwino kwambiri. Koma Charles timamumva akudziteteza pamaso pa gulu, ndi mfundo zakupsa za wophunzira malamulo. Mmene anakondera, sitiona. Wowerenga wa zaka 16 amatseka bukulo akudziwa mlandu, munthuyo osamudziwa.

Monica Arac de Nyeko wa ku Uganda anadzera khomo lina. Jambula Tree, yomwe inapata mphoto yomweyo mu 2007, ndi kalata ya Anyango kwa Sanyu, mnzake amene anakulira naye ku Nakawa mumzinda wa Kampala, yemwe makolo anamutumiza ku London nkhani ya chikondi chawo itaphulika. Nakonso waukazitape alipo, Mama Atim. Koma pamene mayiyu akuwatulukira pansi pa mtengo wa jambula, ife takhala kale ndi atsikanawa kusukulu, taona umphawi wa kwa Anyango, tamva za bambo ake a Sanyu. Chomwe chikusweka tikuchidziwa, n'chifukwa chake chimapweteka. Nalo buku la achinyamata la Nancy Garden, Annie on My Mind la 1982, limayamba Liza akulimbana ndi kalata yopita kwa Annie. Kalata imalola wolemba kunena "iwe", ndipo khamu limatsala panja.

Wolemba amene angaike nkhani yotere ku Ntcheu ali ndi vuto lomwe Garden analibe. Ku New York atsikana awiri akagwirana dzanja, wowerenga amatchera khutu. Kwathu kuno n'zamasiku onse. Atsikana amalukana tsitsi, amafunda bulangete limodzi kuhositelo kukazizira mu June, amaperekezana kumsika wa Lizulu kapena Tsangano kukagulitsa kachewere ndi kabichi, ndipo amayi awo ali ndi anjira awo amene amathandizana nawo pamaliro ndi paukwati. Palibe amene amadabwa. Choncho wolemba sangabwereke zizindikiro za m'mabuku akunja. Ntchito yake, yovuta zedi, ndi kuonetsa tsiku limene dzanja lomwe lija, logwiridwa chaka chonse, layamba kulemera kwa mmodzi wa awiriwo. Mwina nsanje yosadziwika mutu mnzake akalandira kalata ya mnyamata wa Fomu 4. Mwina kukhala chete pamene kale ankangobwebweta. Mtsikanayo sangadzitchule ndi mawu a m'nyuzipepala kapena a paguwa, chifukwa iye akudziwa dzina limodzi lokha, la mnzakeyo.

Mantha nawo ayenera kulembedwa moona. Kuyambira 2011 gawo 137A la malamulo a milandu limaletsa zogonana za akazi okhaokha, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo a dziko linasiya malamulo oletsawa ali chilili. Komabe mwana wa sekondale saganiza za magawo. Amaopa matironi, kuchotsedwa sukulu mayeso a MSCE ali pafupi, ndi nkhope ya agogo amene anagulitsa mbuzi kuti alipire fizi. Ndimakana wolemba amene angasandutse agogowo chilombo kuti nkhani iyende msanga. Amamukonda mdzukuluyo, ndipo chikondi chawocho ndicho chimamutseka pakamwa. Mitu yoyambirira ipatsidwe kwa atsikana awiriwa ndi agogowa, Mama Atim wa m'mudzimo adikire mpaka pakati pa buku.