Kapepala Kasamalankhulire Mwala

Chimene chimandinyansa pa zionetsero za ophunzira zosemasema m'mayunivesite masiku ano ndi kapepala komata pakhoma. Anthu akalowa amayamba awerenga kaye ndime ziwiri zofotokoza zimene wophunzirayo ankafuna kunena, kenako n'kucheukira chosemacho mwamwambo chabe. Opereka malikisi nawonso ayamba kuweruza kapepalako. Mulu wa nsapato zakutha pakona, bola ukhale ndi mawu ozama pambali, ukuposa mutu wa munthu umene wina waukhetsera thukuta. Zounjikaunjikazi zambiri ukazichotsera kapepalako zimatsala zinyalala basi.

Ine mtima wanga uli pa kusema kochotsa, kumene munthu amagoba mwala kapena chipika mpaka chinthu chioneke. Dongo limakhululuka: ukalakwitsa mphuno umafafaniza n'kuumbanso. Mwala ayi. Tchizulo ikaterereka n'kubenthula khutu, lapita limenelo, ndipo wosema ayenera kuuganiziranso mutu wonse. Apa m'pamene diso limaphunzira kuona lisanatume dzanja.

Taonani za ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve ku Zimbabwe. Mu 1966, fodya atasowa msika chifukwa cha zilango zimene mayiko anaikira dzikolo, limene panthawiyo linkatchedwa Rhodesia, mlimi wa fodya Tom Blomefield analimbikitsa antchito a pafamu yake kuti ayambe kusema mwala wa serpentine wopezeka pomwepo. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Mmodzi anali Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932. Nkhope zake n'zobulungira, maso otsinzina ongolembedwa ndi kamzere, kukamwa kukumwetulira kapena kuimba mluzu. Kamzere kamodzi kokha, koma nkhope yonse n'kudzuka! Kakanakhota pang'ono, kumwetulirako kukanasanduka kunyogodola.

Ndimakonda kwambiri mmene osema mwala amamalizira ntchito. Tchizulo ikatha pamabwera tupa, kenako sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala. Akatero amautenthetsa mwalawo pamoto, n'kuupaka phula kuti lilowerere, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsanza. Mwala umene unali wotuwa umada bii, n'kumanyezimira. Komatu luso lenileni lili posankha malo oti phula lisafikepo. Wodziwa amasalaza tsaya n'kusiya tsitsi lili ndi zipsera za tchizulo, kapena amasiya mbali ina ndi khungu lofiirira limene mwalawo unachoka nalo kuphiri, kuti kusalala kumveke chifukwa cha kukhakhalako. Wongoyamba kumene amapukuta paliponse, mpaka chosema n'kumang'anima ngati nsapato ya mkwati. Wophunzira amene sakudziwa polekezera, digiri yake ndi ya chiyani?

Wina anena kuti ndiye kuyunivesite kulibe phindu, poti Akuda sanapiteko. Si choncho. Tapfuma Gutsa anayamba kusema pa mishoni ya Driefontein, kenako m'zaka za m'ma 1980 anakaphunzira ku City and Guilds of London Art School. Atabwerako anayamba kuphatikiza mwala, mtengo, waya ndi zina, ndipo mu 2011 anali m'gulu loimira Zimbabwe pa chionetsero cha zaluso cha Venice Biennale. El Anatsui wa ku Ghana, amene anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya ku Nsukka ku Nigeria mu 1975, anakhala zaka zambiri akuumba dongo, akudula ndi kuwotcha matabwa, asanayambe kulumikiza zitsekerero za mabotolo zimene zamutchukitsa. Onse awiri manja anatsogola. Ana athu akufuna kuyambira pa zitsekererozo.

Chimene yunivesite ingapereke, msika sungapereke, ndi nthawi yoononga mtengo popanda kugona ndi njala. Wosema wa m'mbali mwa msewu alibe mwayi umenewu. Mvuu ikagulidwa lero, mawa asemanso mvuu, mkuja mpando wa mfumu, mpaka dzanja lizolowere kuyenda lokha. Luso ali nalo, ndipo nthawi zambiri loposa la ophunzirawo, koma lendi salola kuyesera zachilendo. Womaliza maphunziro naye msampha womwewo umamudikirira: chosema chimodzi chikakondedwa ndi mwini nyumba yoonetsera zaluso, amamuitanitsa zofanana nacho khumi, ndipo kukana n'kovuta. Choncho wophunzira zaka za pasukulu azithere pa chipika, atuluke ndi zosema zingapo zimene palibe wina akanazisema, zithunzi zake zojambulidwa bwino, ndi nzeru yoika mtengo wowerengera masiku a ntchito, osati kulemera kwa phingo.

Kuno kwathu aphunzitsi ali pafupi. Ku Mua, pa malo a zaluso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, pali osema odziwa mmene mlombwa umang'ambikira ukautsutsa ndi sompho. Ophunzira azitumizidwa kumeneko teremu yathunthu, ndipo pa mayeso omaliza woweruza azizungulira chosema chilichonse, achikhudze ndi dzanja, alembe malikisi, kenako ndiye apatsidwe kapepala kaja.